Mbale, Nkhokwe ndi Nyanja: Kupewa Khansa ndi Kusamalira Odwala ku Makokola

Kukangocha, gombe la ku Makokola limadzaza. Alovi amakhala akukocheza ndi usipa ndi utaka wa usiku, amayi ali m'madzi olekeza m'mawondo kutsuka mapoto ndi kuchapa, ana akusambira chapafupi, ndipo kuseri kwa mathandala utsi wa owamba nsomba uli tolotolo. Pamsewu wa ku Monkey Bay anyamata ayatsa kale moto pansi pa chiwaya cha tchipisi. Umenewu ndiye moyo wa kum'mwera kwa nyanja ya Malawi. M'moyo womwewu muli zinthu zoteteza thupi ku khansa, mulinso zina zoitsegulira khomo pang'onopang'ono.

Funso lake ndi lotani?

Mafunso alipo awiri, ndipo anthu amakonda kuwaphatikiza. Loyamba ndi lakuti: kodi zomwe munthu amadya ndi momwe amakhalira zingamuteteze ku khansa mpaka pati? Lachiwiri ndi lakuti: munthu akapezeka nayo kale, chakudya chingamuthandize motani? Mayankho ake ndi osiyana. Chinthu chothandiza kupewa matenda sichikhala mankhwala ochiza matendawo, monga momwe neti imatetezera ku malungo koma singachize yemwe wayamba kale kunjenjemera.

Khansa imayamba pamene maselo, tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi, asiya kumvera malamulo a kakulidwe kake. Selo labwino limagawikana pakafunika, likakalamba limafa. Malangizo olamulira zimenezi ali mkati mwa selo momwemo, ndipo akawonongeka mobwerezabwereza, selolo limangoswana osaleka mpaka kupanga chotupa chomwe chimalowerera ziwalo zina. Kuwonongekaku kumatenga zaka, nthawi zina 10 kapena 20. Zomwe zimakufulumizitsa ndi poizoni wa mu utsi, mu mowa kapena m'chakudya, tizilombo tokhalitsa m'thupi, zilonda zam'kati zosapola, ukalamba, komanso chibadwa cha ku mtundu.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati khansa zapakati pa 30 ndi 50 mwa 100 zilizonse zingapewedwe. Chiwerengerochi chimalimbikitsa, komanso chimatikumbutsa kuti pali khansa zambiri zomwe zimagwera ngakhale munthu wodzisamala. Wodwala sayenera kulozedwa chala.

Khansa za kwathu kuno

Malangizo ambiri omwe amayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook anachokera kumayiko olemera, komwe zofala ndi khansa ya m'mapapo, ya m'matumbo, ya m'mawere ndi ya prostate. Ku Malawi mndandanda ndi wina. Patsogolo pali khansa ya khomo la chiberekero: mu 2020 amayi oposa 4,000 anapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira, zomwe zimaika dziko lino pakati pa mayiko omwe vutoli ndi lalikulu kwambiri. Palinso khansa ya pakhungu ya Kaposi, yomwe imayenda limodzi ndi HIV, ndi khansa ya kummero, yomwenso Malawi ali pamwamba pa mayiko ambiri. Kenaka pamabwera ya m'mawere, ya prostate, ya m'chikhodzodzo, ya m'chiwindi, ndi ya Burkitt yomwe imatupitsa nsagwada kapena mimba ya ana.

Mukauyang'anitsitsa mndandandawu muona kuti zambiri mwa khansazi gwero lake ndi tizilombo. Choncho kwa munthu wa ku Makokola, Nkopola kapena Namiasi, mawu akuti kakhalidwe sakutanthauza zomwe zili m'mbale zokha. Akukhudzanso madzi omwe amasamba, nkhokwe yomwe amasungira chimanga, moto womwe amaphikira, ndi ulendo wa kuchipatala womwe amauzengereza.

Mbiri ya funsoli

Mu 1851 Theodor Bilharz anapeza nyongolotsi yoyambitsa likodzo ku Cairo. Mu 1911 dokotala wina wa mumzinda womwewo, A. R. Ferguson, analemba kuti anthu ambiri omwe anafa ndi khansa ya m'chikhodzodzo anali ndi mazira a nyongolotsiyi. Uwu unali umodzi mwa maumboni oyambirira akuti kachilombo kangayambitse khansa.

Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni ku Uganda, anafotokoza chotupa cha nsagwada za ana. Mu 1961 anayenda pagalimoto m'zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Nyasaland, akufunsa komwe matendawa amapezeka. Anaona kuti ndi ofala kumadera otsika, otentha ndi achinyezi monga m'mbali mwa nyanja, ndipo ndi osowa kumapiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti malungo obwerezabwereza amagwirizana ndi kachilombo ka Epstein-Barr, komwe kanapezeka mu 1964, poyambitsa chotupachi. Burkitt yemweyo anadzatchukanso ndi ganizo lina: anaona kuti anthu a m'midzi ya mu Africa, omwe amadya nyemba, masamba ndi ufa wosachotsa gaga, sankadwala khansa ya m'matumbo kawirikawiri ngati azungu. Anati chinsinsi chili m'timaulusi ta m'zomera tomwe sitigayika koma timathandiza matumbo kuyenda bwino.

Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Pofufuza anapeza poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Mu 1981 Richard Doll ndi Richard Peto anayerekeza kuti ku America fodya amachititsa imfa 30 mwa 100 za khansa, ndipo chakudya mwina 35, ngakhale anavomereza kuti chiwerengero chachiwirichi chinali chosakhazikika. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anayembekezera kuti kupezeka chakudya chimodzi kapena piritsi limodzi loteteza ku khansa. Zoyesa zazikulu za m'ma 1990 zinasonyeza kuti nkhaniyi si yapafupi chotero.

Maganizo atatu omwe amamveka

Gulu loyamba limati chakudya ndiye zonse: khansa imadza chifukwa chosiya zakudya za makolo, ndipo ingachoke pobwerera ku zitsamba, chammwamba, adyo ndi mandimu. Ganizoli lili ndi mbali yoona, chifukwa zakudya za makolo zambiri ndi zabwinodi. Limalakwa pomwe limalonjeza machiritso.

Gulu lachiwiri limati khansa ndi tsoka, ndi ya kumtundu, kapena ndi yolodzedwa, kotero palibe chomwe munthu angachite. Mbali yoona ndi yakuti si khansa iliyonse yomwe ili ndi chifukwa chooneka. Koma ganizoli limafooketsa anthu ngakhale pa khansa zomwe katemera kapena kuyezetsa kukanaziletsa.

Gulu lachitatu, komwe kuli akatswiri ambiri a zaumoyo, limati chakudya ndi kakhalidwe zimachepetsa kapena kuchulukitsa mwayi wodwala, ndipo mphamvu yake imasiyana malinga ndi mtundu wa khansa komanso dera. Umboni womwe ulipo uli kumbali imeneyi.

Zotsimikizika: madzi a m'nyanja ndi likodzo

Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili ku Lyon m'dziko la France, linaika nyongolotsi ya likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mosakayikitsa mu 1994. Kayendedwe kake ndi kotere. Munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa ndipo timphutsi timalowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. M'menemo timachulukana, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la aliyense wosamba, wochapa kapena wokoka khoka. Nyongolotsi zikakula zimakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo n'kumaikira mazira. Ena amatuluka ndi mkodzo, n'chifukwa chake mumaoneka magazi. Ena amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, ndipo thupi limalimbana nawo chaka ndi chaka. Malo omwe akhala akutupa ndi kupola mosalekeza ndi omwe maselo ake amadzasokonekera.

Ku Cape Maclear ofufuza anapeza kuti nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Cha m'ma 2017 ndi 2018 mtundu winanso wa nkhono, wofalitsa likodzo la m'matumbo, unapezeka m'magombe a Mangochi. Kusamala nsomba ndi kusamala thanzi la anthu zili pa chingwe chimodzi.

Kuuza mlovi kuti asakhudze madzi n'kumuuza kuti asiye kudya. Zotheka ndi izi: kumwa mankhwala a praziquantel nthawi iliyonse akamagawidwa kusukulu ndi m'midzi, akulu ndi ana omwe, chifukwa munthu amatenganso likodzo akabwerera m'madzi, kukodza ndi kuchita chimbudzi m'chimbudzi, kusamba madzi a pamjigo pomwe ulipo, ndi kusunga madzi a m'nyanja m'ndowa kwa masiku awiri asanasambidwe, poti timphutsi timafa tokha. Magazi mu mkodzo wa mnyamata si chizindikiro cha kukula. Ndi matenda. Kwa amayi, mazira a nyongolotsi ya likodzo amathanso kukhala m'njira ya chiberekero n'kubweretsa zilonda zofanana ndi za matenda ena, choncho ndi bwino kuuza namwino kuti mumakhala kunyanja.

Zotsimikizika: chuku cha m'nkhokwe

Mayi akakhala pamkeka ndi lichero la mtedza pamiyendo, n'kumatola njere zofota, zakuda, zosweka ndi zoyanga nkhungu, amakhala akugwira ntchito yoteteza chiwindi cha banja lonse. Poizoni wambiri wa chuku amaunjikana mu njere zochepa zowonongekazo. Aflatoxin safa ndi moto: kukazinga, kuwiritsa kapena kusinja nsinjiro sikumuchotsa. Akalowa m'thupi amapita kuchiwindi, komwe amawononga malangizo a m'maselo. Ngati munthuyo alinso ndi kachilombo ka hepatitis B, ngoziyo imachuluka kambirimbiri.

Nkhungu yopanga poizoniyu imakonda kutentha ndi chinyezi, ndipo imalowa mosavuta mu mbewu zomwe zavutika ndi ng'amba kapena zabooledwa ndi anankafumbwe. Nyengo ya kunyanja imaiyanja. Kupewa kumayambira kumunda: kukolola pa nthawi yake, kuyanika pamphasa kapena pathandala m'malo mwa padothi, kuumitsa mpaka njere izilira poiluma, kusanyowetsa mtedza pofuna kuti usendeke msanga, ndi kusunga matumba pamwamba pa mitengo, kutali ndi khoma. Matumba osalowa mpweya a PICS amathandiza ngati mbewu yauma bwino. Vuto lofala ndi lakuti mtedza wabwino umapita kumsika, wotsalira n'kusinjidwa kuti ukhale nsinjiro za pakhomo, ndipo chimanga chowola chimapita ku mowa kapena thobwa. Poizoniyo amangosintha njira, n'kufikabe m'mimba. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a ana m'dziko muno kuyambira 2002, ndipo kumaliza sikelo ya mwana ndi mbali ina ya chitetezo chomwechi.

Zotsimikizika: fodya, mowa, dzuwa ndi kunenepa

Pa fodya palibe mtsutso. Ndudu ya m'sitolo, chingambwe chopichira papepala, fodya wa pamphuno ndi woika m'kamwa, onse ali ndi poizoni woyambitsa khansa. Wosuta amakhudza mapapo, m'kamwa, kummero, chikhodzodzo ngakhalenso khomo la chiberekero. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023. Wosiya kusuta amapindula pa msinkhu uliwonse.

Mowa ukalowa m'thupi umasanduka mankhwala otchedwa acetaldehyde omwe amawononga maselo a m'kamwa, kummero, chiwindi, matumbo ndi mawere. Kachasu, masese ndi wa m'botolo amasiyana ukali, koma chowonongacho ndi chimodzi. Mowa ukaphatikizana ndi fodya ngozi ya kummero imakula koposa. Mabanja ambiri a ku Mangochi samwa mowa chifukwa cha chipembedzo, ndipo chimenechi ndi chitetezo choyenera kuchisunga.

Kwa anthu achialubino, dzuwa la kunyanja ndi mdani wamkulu, poti khungu lawo lilibe chotchinga ku cheza chake. Chipewa chakhonde, malaya aatali manja, mafuta oteteza kudzuwa ndi kuonetsa msanga kachilonda kalikonse kosapola zimapulumutsa moyo.

Kunenepa kwambiri kumachulukitsa khansa ya m'matumbo, ya m'chiberekero, ndi ya m'mawere kwa amayi osiya kusamba. Mu 2015 IARC inanena kuti nyama zokonzedwa kufakitale monga soseji ndi poloni zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo magalamu 50 tsiku lililonse amawonjezera ngoziyo ndi pafupifupi 18 pa 100. Kumudzi ochepa okha ndi omwe amadya zotere tsiku ndi tsiku, ndipo wopalasa bwato kapena wolima safunika kuuzidwa zolimbitsa thupi. Chenjezoli likukhudza kwambiri omwe moyo wawo wasintha: ogwira ntchito yokhala pansi, a mashopu, ndi obwera kuchokera ku Joni atazolowera zokazinga ndi zakumwa zotsekemera. Kuyamwitsa mwana nthawi yaitali, komwe ndi mwambo wathu kale, kumachepetsako khansa ya m'mawere.

Zotsimikizika: katemera, ma ARV ndi kuyezetsa

Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV, kopatsirana pogonana. Anthu ambiri amakatenga ndipo thupi limakachotsa lokha, koma mwa amayi ena kamakhazikika n'kumasintha maselo mwakachetechete kwa zaka zambiri. Mayi yemwe ali ndi HIV ali pangozi yochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. M'madoko momwe umphawi umakakamiza amayi ena kugonana ndi alovi kuti apeze nsomba zogulitsa, tizilombo tiwiri tonseti timafala mosavuta.

Palibe ndiwo zamasamba zomwe zingafanane mphamvu ndi katemera wa HPV. Anayamba kuyesedwa ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, ndipo mu 2019 anafika dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Amagwira bwino ntchito mtsikana akabayidwa asanayambe zogonana, ndipo saletsa kubereka. Kwa amayi a zaka 25 mpaka 49, kuyezetsa ndi kwachidule: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo omwe ayamba kusintha amayera. Malowo amatha kuthandizidwa tsiku lomwelo asanasanduke khansa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo amuna ali ndi udindo wolimbikitsa akazi awo m'malo mowaletsa. Mdulidwe wa abambo umachepetsa kufala kwa HIV ndi HPV. Ma ARV, omwe akhala akuperekedwa mwaulere kuyambira 2004, achepetsa kwambiri khansa ya Kaposi mwa omwe amamwa mokhulupirika. Neti yoteteza ana ku malungo ikuyembekezekanso kuchepetsa mpata wa chotupa cha Burkitt.

Zomwe zikadali pamtsutso

Khansa ya kummero ndiye mwambi wovuta. Imagwira ngakhale amayi omwe sanasutepo kapena kulawa mowa, ndipo ena amadwala asanafike zaka 40. Kafukufuku wa ESCCAPE, yemwe anachitika ku Eldoret, Moshi ndi Blantyre, anasonyeza kuti kumwa ndi kudya zotentha kwambiri komanso kusasamala mano zimayenda limodzi ndi matendawa. Mu 2016 IARC inati zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zimayambitsa khansa, chifukwa zimawaula khungu lam'kati mwa mmero mobwerezabwereza. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mawindo ukuganiziridwanso. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chikufotokoza chokha kuchuluka kwa matendawa. Komabe kudikira kuti tiyi kapena phala lipole pang'ono, kutsuka mano, kuphikira pamalo opita mphepo ndi kugwiritsa ntchito Chitetezo Mbaula sizifuna ndalama zambiri ndipo sizingapweteke munthu.

Nsomba zowamba nazo zili ndi mafunso. Utsi umasiya pa chakudya mankhwala a mtundu womwe umapezekanso mu utsi wa fodya, makamaka nsomba ikapserera kapena mafuta ake akamadonthera pamoto. Umboni wakuti mlamba kapena kampango wowamba amayambitsa khansa mwa anthu a kunyanja sunakhazikike, pamene ubwino wa nsomba pa thanzi ndi wodziwika bwino. Nzeru ndi kudyabe nsomba, kusinthasintha ndi zaziwisi, zoyanika ndi zofutsa, kuchotsa mbali zopserera, ndi kusawambira mapulasitiki kapena matabwa opaka penti. Yemwe amapuma utsi wambiri ndi wowambayo, choncho malo owambira azikhala apoyera.

Mtsutso wa mgaiwa ndi ufa woyera uli ndi mbali ziwiri zoona. Mgaiwa uli ndi gaga, mavitamini ndi mchere wa m'thupi womwe umatayika pokonola ndi kuviika mphale. Kafukufuku wina wochepa wa ku Malawi, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti odwala khansa ya kummero ambiri ankadya ufa woyera. Komabe poizoni wa nkhungu amakhala kwambiri ku khungu la njere, ndipo kukonola kumachotsa wambiri. Ndiye ngati chimanga chauma bwino ndipo chasankhidwa, mgaiwa ndi wopambana. Ngati chanyowa kapena chayamba kuwola, ndi bwino kuchisankha, kuchitsuka ndi kuchikonola, ndipo madeya ake asadyedwe.

Mapiritsi a mavitamini akhumudwitsa ambiri. Ku Finland, amuna osuta oposa 29,000 anachita nawo kafukufuku yemwe zotsatira zake za mu 1994 zinasonyeza kuti omwe anapatsidwa mapiritsi a beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo. Ku America, kafukufuku wa SELECT anapeza mu 2011 kuti mapiritsi a vitamini E anawonjezera khansa ya prostate. Ku Linxian m'dziko la China, komwe anthu anali operewera zakudya, kuphatikiza selenium, vitamini E ndi beta-carotene kunachepetsa imfa za khansa ya m'mimba. Phunziro lake ndi lakuti kudzaza chomwe chikusowa m'thupi kungathandize, koma kuwonjezera pa thupi lokwanira kale kungavulaze. Chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa chifukwa cha nthaka, ndipo nsomba ndi gwero lake labwino. Pamenepa usipa wa padoko umaposa botolo la mapiritsi odula.

Mbale yoteteza

Malangizo a unduna wa zaumoyo a magulu asanu ndi limodzi a zakudya ndi okwanira: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. WHO imalimbikitsa magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku, ndi mchere wosafika magalamu 5, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Ku Makokola zambiri mwa izi zili pafupi: bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, chigwada, therere, nandolo, khobwe, nzama, mbatata yofiira mkati, mango, papaya, bwemba ndi malambe. Usipa wodyedwa ndi minga yake umapatsa thupi zomanga ndi zolimbitsa mafupa. Chosowa kawirikawiri ndi kakulidwe ka magawo: nsima phiri, ndiwo kadontho. Kuchulutsa ndiwo, kuchepetsa soda wophikira yemwe amapha mavitamini ena, ndi kufutsa masamba a m'dzinja kuti adzadyedwe m'chilimwe ndi kusintha komwe banja lililonse lingayambe.

Chakudya cha wodwala

Munthu akapezeka ndi khansa, cholinga cha chakudya chimasintha. Tsopano chofunika ndi kusunga thupi ndi mphamvu kuti apirire opaleshoni, mankhwala a kemo kapena radiotherapy. Wodwala wowonda kwambiri amachedwa kupola ndipo nthawi zina amalephera kumaliza mankhwala. Ichi n'chifukwa chake malangizo oti asale nsima, nyama, mkaka ndi zotsekemera zonse pofuna kupha chotupa ndi njala ali oopsa. Ndi zoona kuti maselo a khansa amadya shuga wambiri, monga Otto Warburg anaonera m'ma 1920, koma thupi limapanga lokha shuga wa m'magazi ngakhale munthu asadye, ndipo posala limayamba kuswa minofu yake.

Gadiyani azipereka chakudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Phala la Likuni kapena la mgaiwa lilemeretsedwe ndi nsinjiro zosankhidwa bwino, dzira, mkaka, supuni ya mafuta kapena ufa wa usipa wosinja. Wa zilonda m'kamwa apatsidwe zofewa ndi zozizirira, zopanda tsabola, ndipo azichukucha ndi madzi a mchere pang'ono. Wa kummero akhale tsonga podya, phala lake lisefedwe, ndipo kuchipatala chachikulu amatha kumuika kapaipi kotsegula njira. Pa nthawi ya kemo chitetezo cha m'thupi chimatsika, choncho madzi awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo nsomba ndi mazira zipse bwino. Morphine wamadzi amathetsa ululu koma amaumitsa m'mimba, motero madzi, papaya ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi ziziyendera limodzi naye. Kuyenda pang'ono tsiku lililonse kumachepetsa kufooka. Chisilamu chimalola wodwala kusasala pa Ramadan, ndipo mashehe ndi abusa angathandize pomasula mitima ya odwala pa nkhani ya kusala.

Khansa ikafika patali imasintha kagwiridwe ntchito ka thupi, moti munthu amawonda ngakhale akudya. Achibale asadziimbe mlandu, ndipo asakakamize wodwala kumeza. Kumunyowetsa milomo, kumupatsa chomwe wachilakalaka ndi kukhala naye pafupi ndi chisamaliro chokwanira. Chithandizo chochepetsa ululu chimapezeka m'zipatala za maboma, ku Tiyanjane pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku Ndi Moyo ku Salima.

Zitsamba ndi nthawi yotayika

Chammwamba ndi ndiwo zabwino, adyo ndi mandimu ndi zokometsera zabwino, koma palibe umboni wakuti zimachiza khansa mwa munthu. Zomwe zimapha maselo m'mbale ya mu labotale sizichita chimodzimodzi m'thupi. Ofufuza a ku yunivesite ya Yale anapeza mu 2018 kuti odwala omwe anasankha mankhwala ena okha m'malo mwa a kuchipatala anali pangozi ya imfa yochuluka kawiri ndi theka. Zitsamba zina zimalemetsa chiwindi ndi impso, zina zimasokoneza ma ARV ndi kemo, choncho wodwala auze dokotala chilichonse chomwe akumwa. Choopsa koposa ndi miyezi yomwe imatha munthu akuyendayenda, chotupa chikukula.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma khansa zambiri zimapereka zizindikiro: kutaya magazi pogonana kapena mayi atasiya kale kusamba, chikazi chonunkha, kachotupa m'bere, nsima kukanirira pakhosi, magazi mu mkodzo, mawanga akuda m'miyendo kapena m'kamwa, nsagwada ya mwana kutupa, chilonda chosapola, ndi kuwonda kosadziwika chifukwa. Woona chimodzi mwa izi apite ku Koche, ku Monkey Bay kapena kuchipatala chachikulu cha Mangochi, komwe angatumizidwe ku Zomba, ku Blantyre kapena ku National Cancer Centre ku Lilongwe.

Ntchito ya banja, ntchito ya mudzi

Zina mwa zomwe zafotokozedwazi banja lingazichite lokha lero: kusankha mtedza, kupoza phala, kuchulutsa ndiwo, kuzimitsa ndudu. Zina sizitheka popanda mudzi ndi boma. Mayi sangasiye kuchapa kunyanja ngati mjigo unawonongeka, mlovi sangakodze m'chimbudzi chomwe padoko palibe, ndipo mtsikana sangabayidwe katemera yemwe makolo ake anauzidwa mabodza. Makomiti a m'madoko, mafumu, alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, aphunzitsi, mizikiti ndi mipingo onse ali ndi gawo, ndipo mahotela a m'mbali mwa nyanja, omwe amapindula ndi madzi omwewa, ali ndi chifukwa chothandizira zimbudzi ndi mijigo ya midzi yowazungulira. Khansa yomwe idzapezeke ku Makokola zaka 20 zikubwerazi ikuyambika kapena kulepheretsedwa panopa, mwa mwana yemwe akusambira pagombe m'mawa uno ndi mwa mtsikana wa zaka 9 yemwe akudikira katemera kusukulu.